Selo likamva njala limasiya kukula. Nanga la khansa limapitirira bwanji?

Chotupa cha khansa sichikulira pa mwanaalirenji. Chikangopitirira mamilimita awiri, maselo a m'katikati mwake, tizigawo tamoyo tating'onoting'ono timene timapanga thupi, amakhala atatalikirana ndi mitsempha ya magazi, ndipo shuga ndi mpweya wa okosijeni zimawafika mwa apo ndi apo. Mitsempha yatsopano imene chotupacho chimadzipangira imakhala yokhotakhota, yodontha, yosadalirika. Selo labwinobwino likapezeka pamalo otere limaleka kugawikana n'kuyamba kudikira kuti zinthu zisinthe. Selo la khansa limangopitiriza. Ndiye funso limene akatswiri akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 20 ndi ili: chija chimauza selo kuti "chakudya chachepa, ima kaye" chimapita kuti selolo likasanduka la khansa?

Chinthucho ndi enzyme yotchedwa AMPK. Enzyme ndi puloteni imene imafulumizitsa ntchito inayake m'thupi, ndipo AMPK ili m'gulu la ma enzyme otchedwa kinase, amene ntchito yawo ndi kumata kachidutswa ka phosphate pa mapuloteni ena. Kumatako si nkhani yaing'ono. Puloteni ina ikamatidwa phosphate imadzuka n'kuyamba ntchito, ina imagona. Choncho kinase imodzi ikhoza kulamula mapuloteni ambirimbiri nthawi imodzi, ena kuwauza kuti ayambe, ena kuti aleke.

Kuti timvetse chimene AMPK imayang'anira, tiyambire pa ATP. Nsima imene tadya siyendetsa minofu mwachindunji. Imagayidwa kukhala shuga, shugayo amaphwanyidwa m'maselo, ndipo mphamvu yake imasungidwa m'kamolekyu kotchedwa ATP, kokhala ndi ma phosphate atatu. Selo likafuna kuchita chilichonse limadula phosphate imodzi, mphamvu n'kutuluka, n'kutsala ADP ya ma phosphate awiri. Zinthu zikakhala bwino ADP ija imabwezedwanso kukhala ATP mosakhalitsa, moti ATP imene munthu amapanga ndi kugwiritsa ntchito patsiku, mutaiyika pa sikelo yonse, ingalemere pafupifupi ngati mwini wakeyo. Koma zikavuta, selo limatenga ADP ziwiri n'kuchotsa phosphate kwa imodzi kupatsa inzake. Pamatuluka ATP imodzi ndi AMP imodzi, ya phosphate imodzi yokha. M'selo lokhuta AMP imakhala yochepa kwambiri, ndiye ATP ikangotsika pang'ono, AMP imakwera kangapo konse. N'chifukwa chake AMP ndi chizindikiro chabwino cha njala: imafuula msanga, vuto lisanakule.

AMPK ndiyo imamva kufuulako. Ndi mayi wa pakhomo amene amasuzumira m'nkhokwe. Akaona kuti chimanga sichifika Febuluwale, salola kuti chigulitsidwe n'cholinga chogulira malata, salola kufulula thobwa la chikondwerero, amatumiza ana kukafuna ndiwo kudimba, ndipo zinthu zakale zongokhala m'nyumba amazisandutsa chakudya. AMPK imachita zomwezo m'selo. Imaimitsa ntchito zomanga, monga kupanga mafuta, kolesitero ndi mapuloteni atsopano. Imatsegula njira zobweretsa mphamvu, monga kulowetsa shuga m'selo ndi kuwotcha mafuta. Imayambitsanso autophagy, kumene selo limagaya ziwalo zake zotha ntchito kuti lipezemo zipangizo. Ndipo pamwamba pa zonsezi imaletsa selo kugawikana, chifukwa kugawikana n'kodula: selo liyenera kupanga chilichonse kawiri, DNA imene imasunga malangizo ake onse, mapuloteni, khungu lake lamafuta, lisanabereke linzake.

Mbiri yake inayamba mosadziwika bwino. Mu 1973 magulu awiri a ofufuza ku America, osagwira ntchito limodzi, anaona kuti m'chiwindi muli chinachake chimene chimagoneka enzyme yopanga mafuta, ena n'kuona chogoneka enzyme yopanga kolesitero. Mu 1987 David Carling ndi Grahame Hardie ku yunivesite ya Dundee ku Scotland anasonyeza kuti zinthu ziwirizo ndi enzyme imodzi, ndipo posakhalitsa inapatsidwa dzina lakuti AMPK. Pambuyo pake kunadziwika kuti abale ake amapezeka mu yisiti ndi m'zomera momwe, zimene zikusonyeza kuti ndi yakale kwambiri m'mbiri ya zamoyo. Nthawi yonseyi palibe amene ankaiganizira za khansa. Inali nkhani ya anthu ofufuza za mafuta, za masewero olimbitsa thupi ndi za matenda a shuga.

Kapangidwe kake n'kofunika kukadziwa chifukwa ndi pamene khansa imadzagwira. AMPK ndi zigawo zitatu zolumikizana: alpha, beta ndi gamma. Gamma ndiye khutu, pamene AMP kapena ATP imakhala. Alpha ndiye dzanja lomata phosphate. Beta amazigwirizanitsa. Thupi lili ndi mitundu iwiri ya alpha, iwiri ya beta ndi itatu ya gamma, kotero pakhoza kutuluka ma AMPK a mitundu 12. Koma kumva AMP pakokha sikokwanira. Pa alpha pali malo amodzi, amino acid (kamodzi mwa tizidutswa tolumikizana timene timapanga puloteni) ya nambala 172, imene akatswiri amailemba kuti Thr172, ndipo AMPK siigwira ntchito yooneka mpaka enzyme ina itamata phosphate pamenepo. Ikamatidwa, mphamvu yake imakwera koposa ka 100. AMP ikakhala pa gamma imapangitsa kuti kumatako kuphweke, imatchinga ma enzyme ochotsa phosphate kuti asaichotse, ndipo imawonjezeranso liwiro la AMPK yodzuka kaleyo. Kwa zaka zambiri funso linali lakuti: ndani amamata phosphate pa Thr172?

Yankho linachokera kumene sankayembekezera. Pali matenda osowa akumtundu otchedwa Peutz-Jeghers, dzina lochokera kwa dokotala wa ku Netherlands Jan Peutz amene anawafotokoza mu 1921 ndi Harold Jeghers wa ku America amene analemba za iwo mu 1949. Mwana wobadwa nawo amatuluka timadontho takuda pamilomo, m'kamwa ndi m'zala. M'matumbo mwake mumamera tizotupa tambiri, nthawi zina mpaka matumbo kupindikirana mkati n'kufunika opaleshoni yamwadzidzidzi. Akakula amakhala pa chiopsezo chachikulu cha khansa ya m'matumbo, ya kapamba, ya m'mawere ndi zina. Mu 1998 ofufuza anapeza kuti gwero lake ndi kuwonongeka kwa jini imodzi (kachigawo ka DNA kosunga malangizo opangira puloteni) ya pa chromosome 19, umodzi mwa mitolo ya DNA m'selo. Jiniyo ndi yotchedwa LKB1, imene ena amaitchula kuti STK11. Zinali zoonekeratu kuti LKB1 imateteza thupi ku khansa, ndipo kuti nayonso ndi kinase. Chimene sichinkadziwika n'chakuti imamata phosphate pa yani.

Ndiye panali kinase imodzi, AMPK, imene woidzutsa sankadziwika, ndi ina, LKB1, imene sinkadziwika kuti imamata yani. Ku Dundee komweko, Hardie ankafufuza yoyambayo pamene Dario Alessi ankafufuza yachiwiriyo. Mu 2003 anaphatikiza zimene anali nazo n'kupeza kuti LKB1, ikalumikizana ndi mapuloteni ena awiri otchedwa STRAD ndi MO25, ndiyo imamata phosphate pa Thr172. Gulu la Carling ku London linapeza zomwezo chaka chomwecho, ndipo Reuben Shaw ndi Lewis Cantley ku Boston anatsimikiza mu 2004. Umboni wina unachokera ku maselo a HeLa, aja anatengedwa pa chotupa cha khomo la chiberekero cha Henrietta Lacks ku Baltimore mu 1951 iye osauzidwa. Maselo amenewa alibe LKB1, ndipo mankhwala amene amadzutsa AMPK m'maselo ena sankaidzutsa mwa iwo mpaka LKB1 itabwezeretsedwamo. Kuyambira pamenepo AMPK inalowa m'nkhani ya khansa.

Khansa ikufuna chiyani pa AMPK

Tikayang'ana zimene AMPK imaletsa, timapeza kuti ndi zomwezo khansa imazilakalaka. Chachikulu ndi mTORC1, gulu la mapuloteni limene limalamula selo kupanga mapuloteni ndi kukula. M'khansa zambiri mTORC1 imakhala yoyaka usana ndi usiku. AMPK imaitsitsa m'njira ziwiri: imadzutsa TSC2, puloteni yoletsa mTORC1, monga gulu la Kun-Liang Guan linasonyezera mu 2003, ndipo imamata phosphate pa Raptor, chigawo cha mTORC1 yeniyeniyo, monga Shaw anapezera mu 2008. Imagonekanso ACC, enzyme yoyambira kupanga mafuta, pamene selo logawikana limafuna mafuta ambiri omangira khungu la selo latsopano. Ndipo shuga akachepa imathandiza kudzutsa p53, puloteni yodziwika kwambiri pa zoteteza ku khansa, imene imaimitsa selo lisanayambe kukopera DNA yake.

Palinso nkhani ya kadyedwe ka shuga. M'zaka za m'ma 1920 Otto Warburg ku Berlin anaona kuti maselo a khansa amameza shuga wochuluka koma samuwotcha mpaka kumapeto, ngakhale okosijeni alipo. Amangomuswa pakati n'kutaya zotsalazo ngati asidi wotchedwa lactate. Poyang'ana koyamba zimaoneka ngati kuwononga, popeza njira imeneyi imapereka ATP ziwiri zokha pa shuga mmodzi pamene kuwotcha kwathunthu kumapereka pafupifupi 30. Koma selo lofuna kugawikana silifuna mphamvu yokha. Limafuna zidutswa za shugayo kuti limangire DNA, mafuta ndi ma amino acid. Mu 2013 gulu la Russell Jones ku yunivesite ya McGill ku Montreal linachotsa alpha 1 ya AMPK mu mbewa zimene zinali ndi jini ya MYC, yolimbikitsa selo kugawikana, yotakasika mopitirira muyeso. Mbewazo zinadwala lymphoma, khansa ya maselo oyera a magazi, msanga kuposa zinzake, ndipo maselo ake anasinthira ku kadyedwe ka Warburg kudzera m'puloteni yotchedwa HIF-1 alpha. MYC imeneyi si yachilendo kwa madokotala a ana kwathu kuno, chifukwa ndiyo imayendetsa Burkitt lymphoma, ija imatupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana m'masabata ochepa.

Mwina wina angaganize kuti ngati zili choncho, ndiye kuti khansa imangowononga majini a AMPK basi. Si mmene zilili, ndipo kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Asayansi atawerenga DNA ya zotupa zikwizikwi anapeza kuti majini a AMPK yeniyeniyo sawonongeka kawirikawiri. Khansa imaisiya yamoyo. Imangodutsa m'mbali n'kuitseka pakamwa.

Njira yachidule ndi kuchotsa woidzutsa uja. Kupatula anthu obadwa ndi Peutz-Jeghers, LKB1 imawonongekanso m'zotupa za anthu amene anabadwa nayo yabwinobwino. Zimachitika kwambiri m'khansa ya m'mapapo ya mtundu wa adenocarcinoma, pafupifupi chotupa chimodzi pa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zilizonse, makamaka mwa osuta fodya ndiponso pamene jini ya KRAS, youza selo kuti likule, yawonongeka kale. Kafukufuku wa mu 2009 ku America anapezanso kuti pafupifupi 20 pa 100 ya khansa za khomo la chiberekero zimene anaziyeza zinali ndi LKB1 yowonongeka, ndipo amayi amene zotupa zawo zinali zotero matenda ankawabwerera msanga. Izi ziyenera kumveka bwino m'dziko ngati Malawi, limene lili m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri ndi khansa imeneyi padziko lonse. Choyambitsa khansa ya khomo la chiberekero ndi kachirombo ka HPV, n'chifukwa chake katemera wa atsikana amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 ndi kupita kukayezetsa ndizo zimapulumutsa miyoyo. Kutha kwa LKB1 kumabwera pambuyo, n'kuthandiza chotupa choyamba kalecho kuti chiluse.

Zotupa zina zimasunga LKB1 koma n'kuimanga manja. Pafupifupi theka la khansa yapakhungu yotchedwa melanoma imakhala ndi jini ya BRAF yowonongeka, kawirikawiri pamalo amodzimodzi otchedwa V600E. Mu 2009 Bin Zheng ndi Cantley anasonyeza kuti BRAF yotereyi imadzutsa ma kinase awiri, ERK ndi RSK, amene amamata ma phosphate pa LKB1, ndipo LKB1 yomatidwa choncho imalephera kugwirana bwino ndi AMPK. Kwinanso khansa imagwira AMPK yeniyeniyo. Kinase yotchedwa Akt, imene imatakasika kwambiri jini ya PTEN ikatha, monga zimachitikira kawirikawiri m'khansa ya prostate, ya m'chiberekero ndi ya muubongo, imamata phosphate kumchira kwa alpha 1, pa nambala 487. Mchirawo ukamatidwa umatchinga njira yofikira pa Thr172, moti LKB1 imakhalapo, AMP imakhalapo, koma kumata kumachedwa.

Jini yogona imene khansa imaidzutsa

Njira imene imandichititsa chidwi kwambiri inafotokozedwa mu 2015 m'magazini ya Cell ndi gulu la Ryan Potts ku UT Southwestern, mumzinda wa Dallas. Kuno khansa siitsekereza AMPK. Imaitumiza kukaphwanyidwa.

Selo lililonse lili ndi dongosolo lotayira mapuloteni osafunika. Puloteni yoti itayidwe imamangiriridwa kapuloteni kakang'ono kotchedwa ubiquitin, kamodzi, kenaka kena pamwamba pake, mpaka kupanga unyolo. Makina otchedwa proteasome akaona unyolowo amakoka puloteniyo n'kuiduladula. Anthu atatu amene anatulukira dongosololi, Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose, analandira mphotho ya Nobel mu 2004. Funso lalikulu m'dongosolo limeneli ndi lakuti ndani amasankha woti atayidwe, ndipo ntchito imeneyo ili m'manja mwa ma enzyme mazana angapo otchedwa E3 ligase. Aliyense ali ndi mapuloteni ake amene amawazindikira. Imodzi mwa iwo ndi TRIM28, imene imapezeka m'maselo ponseponse m'thupi ndipo payokha siivutitsa AMPK.

Tsopano pali banja la majini lotchedwa MAGE-A, limene lili pa chromosome X. Mwa munthu wamkulu wathanzi majini amenewa amagwira ntchito pamalo amodzi kwenikweni: m'mavalo, m'maselo opanga mbewu ya abambo. Kwina konse amakhala otsekedwa ndi tizidutswa ta methyl tomatidwa pa DNA, ndipo amagona moyo wonse. Koma m'maselo a khansa dongosolo la methyl limasokonekera, majini ogona aja n'kudzuka. Awiri a iwo, MAGE-A3 ndi MAGE-A6, amene ndi ofanana kwambiri ngati mapasa, amapezeka m'zotupa zambiri za melanoma ndi za m'mapapo, komanso m'zina za m'mawere ndi za m'matumbo aakulu. Izi zinkadziwika kale. Jini yoyamba ya banjali inapezeka mu 1991 ndi gulu la Thierry Boon ku Brussels, ndipo inali puloteni yoyamba ya khansa ya munthu imene asayansi anaona kuti maselo a T a chitetezo cha m'thupi amaizindikira. Kwa zaka zambiri MAGE ankangoiona ngati chizindikiro chopezera selo la khansa. Kampani ya GlaxoSmithKline inapanga katemera wolunjika pa MAGE-A3 n'kumuyesa pa odwala melanoma ndiponso pa odwala khansa ya m'mapapo oposa 2,000. Zotsatira za mu 2013 ndi 2014 zinasonyeza kuti katemerayo sanathandize.

Potts ndi anzake anafunsa funso lina: kodi mapuloteni amenewa akungopezeka m'khansa mwangozi, kapena akugwiramo ntchito? Atazimitsa MAGE-A3 ndi MAGE-A6 m'maselo a khansa amene anali nawo, maselowo anayamba kufa. Atalowetsa MAGE-A6 m'maselo a m'matumbo amene sanali a khansa, anayamba kukula popanda poti atsamire, khalidwe limene ndi la maselo a khansa. Anali atapeza kale kuti mapuloteni a MAGE amakakamira ma E3 ligase, ndipo kuti MAGE-A3 ndi MAGE-A6 amakakamira TRIM28. Ndiye anatenga mapuloteni a munthu zikwi zingapo oyalidwa pa kagalasi, n'kuthirapo TRIM28 pamodzi ndi MAGE kuti aone amene amangiriridwe ubiquitin. Pakati pa amene anamangiriridwa panali alpha 1 ya AMPK.

Chimene chimachitika n'chakuti MAGE imagwira TRIM28 mbali imodzi, alpha 1 mbali ina, n'kuzisonkhanitsa. TRIM28 imamanga unyolo wa ubiquitin pa puloteni imene sikanaikhudza, ndipo proteasome imamaliza ntchito. Alpha 1 imachepa m'selo, mTORC1 imakwera, autophagy imatsika, ndipo selo limaleka kulabadira kuti shuga wachepa. Ofufuzawo atayang'ana zotupa za odwala anaona zogwirizana ndi zimenezi: kumene MAGE-A3 ndi MAGE-A6 zinali zambiri, AMPK inali yochepa. Palibe jini imene yathyoka pamenepa. Jini ya AMPK ili bwinobwino, ya TRIM28 ili bwinobwino, ya MAGE ili bwinobwino. Cholakwika n'chakuti jini ya m'mavalo yadzuka m'mapapo. Dokotala amene angawerenge DNA ya chotupa chotere kufunafuna powonongeka sangaone kanthu pa AMPK, chonsecho AMPK yachepa.

Nanga m'mavalomo MAGE imagwira ntchito yanji? Mu 2019 gulu lomwelo, litasamukira ku chipatala cha St. Jude mumzinda wa Memphis, linasonyeza kuti mbewa zamphongo zochotsedwa majini a MAGE-A zimabereka bwinobwino zinthu zikakhala pabwino, koma zikasowetsedwa chakudya kapena kupatsidwa mankhwala a khansa, maselo ake opanga mbewu amawonongeka kwambiri kuposa a mbewa zinzake. Zikuoneka kuti majiniwa alipo kuti mbewu isathe ngakhale pa nthawi ya njala. Selo la khansa limabwereka luso lomwelo. Ndipo MAGE siili yokha: mu 2017 ofufuza a ku chipatala cha khansa cha MD Anderson mumzinda wa Houston anapeza enzyme ina, UBE2O, imene imatumiza alpha 2 kukaphwanyidwa m'njira yofananayo.

Chifukwa chake saizimitsa kotheratu

Nkhaniyi ikanathera apa ikanakhala yophweka: AMPK ndi yabwino, khansa imaitsitsa, ndiye tiyeni tiikweze. Koma taganizirani za selo la m'katikati mwa chotupa lija, lopanda shuga ndi okosijeni wokwanira. Likapitiriza kumanga osamva njala ngakhale pang'ono, ATP idzatha ndipo lidzafa. Shaw anaona zimenezi kale mu 2004: maselo opanda LKB1 amafa msanga mphamvu ikachepa kuposa okhala nayo. Mu 2012 gulu la Nissim Hay ku Chicago linasonyeza kuti shuga akasowa, AMPK imapulumutsa selo la khansa posunga NADPH, imene selo limadzitetezera nayo ku poizoni wochokera ku okosijeni. Mu 2019 gulu la Shaw ku Salk Institute ku California linachotsa mitundu yonse iwiri ya alpha m'zotupa za m'mapapo mwa mbewa, zimene zinayambitsidwa ndi KRAS, poyembekezera kuti zikula msanga monga zimachitira LKB1 ikachotsedwa. Zinakula pang'onopang'ono. Ndipo m'khansa zina za anthu, jini ya alpha 1 imapezeka itachulukitsidwa, osati kuchepa.

Zotsatira za 2019 zija zinakakamiza anthu kuonanso bwino za LKB1. Kuwonjezera pa AMPK, LKB1 imadzutsanso ma kinase ena 12 a pachibale, ndipo kafukufuku wa chaka chomwecho anasonyeza kuti m'mapapo, awiri mwa iwo, SIK1 ndi SIK3, ndiwo amanyamula mbali yaikulu ya ntchito yoteteza ku khansa. Ndiye si zonse zoipa zobwera LKB1 ikatha zimene tingaziike pa AMPK.

Maganizo amene akatswiri ambiri, kuphatikizapo Hardie, afikapo ndi akuti zimatengera nthawi ndi malo. Khansa isanayambe, kapena ikangoyamba kumene, AMPK imateteza munthu poletsa selo kukula mosadziletsa. Chotupa chikakhazikika n'kuyamba kuvutika ndi njala yodzipangira chokha, AMPK yomweyo imateteza chotupacho. Izi zikufotokoza bwino chifukwa chake majini a AMPK sawonongeka kawirikawiri, pamene njira zoitsitsira zili zambirimbiri. Akt imachedwetsa kumata, siikuletsa kotheratu. MAGE imachepetsa alpha 1, siimaliza yonse, ndipo alpha 2 imaisiya. Ngakhale LKB1 itatha, pali kinase ina, CaMKK2, imene ikhoza kumata phosphate pa Thr172 calcium akakwera m'selo. Chotupa chimene chimapambana ndi chimene chatsitsa AMPK mokwanira kuti chikule, koma n'kusiyako pang'ono kuti chisafe ndi njala.

Apa ndi pamene nkhani ya metformin imalowera, ndipo ndikufuna kuilankhula mosabisa chifukwa mankhwala amenewa ali m'nyumba zambiri za anthu odwala shuga. Metformin inachokera ku chomera cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis, ndipo dokotala wa ku France Jean Sterne anayamba kuipereka kwa odwala shuga mu 1957. Imachepetsa pang'ono ntchito ya mitochondria, momwe ATP yambiri imapangidwira, kotero AMP imakwera. Mu 2001 kunadziwika kuti imadzutsa AMPK. LKB1 itapezeka mu 2003, ofufuza a ku Dundee anaganiza zoyang'ana m'kaundula wa odwala shuga a m'chigawo cha Tayside, ndipo mu 2005 analengeza kuti amene ankamwa metformin ankaoneka kuti sadwala khansa kwambiri ngati anzawo. Akafukufuku ena ambiri otere anatsatira, chiyembekezo n'kukula. Koma kuyang'ana m'kaundula kuli ndi misampha yake. Mwachitsanzo, munthu ayenera kukhala ndi moyo wopanda khansa kwa nthawi ndithu kuti awerengedwe m'gulu la omwa metformin kwa nthawi yaitali, ndipo zimenezi zokha zimakometsa zotsatira za gululo.

Kuyesa kwenikweni kunachitika pa anthu 3,649, pafupifupi onse amayi, odwala khansa ya m'mawere koma opanda matenda a shuga, m'kafukufuku wotchedwa MA.32 wotsogozedwa ndi Pamela Goodwin wa ku Toronto. Theka anapatsidwa metformin kawiri patsiku kwa zaka zisanu, theka mapilisi opanda mankhwala. Zotsatira zinatuluka mu 2022: metformin sinachepetse kubwerera kwa khansa, sinatalikitsenso moyo. Choncho wodwala shuga apitirize kumwa metformin yake monga adokotala anamuuzira, koma wina asaigule pofuna kupewa kapena kuchiza khansa, ndipo wodwala khansa asasiye chithandizo cha kuchipatala chifukwa cha zimene wawerenga za AMPK pa intaneti. Zomwezonso ndi kudzimana chakudya n'cholinga choti chotupa chife ndi njala. Thupi limasunga mlingo wa shuga m'magazi ngakhale munthu asadye, pogaya minofu yake yomwe, ndiye amene amafooka ndi wodwalayo pa nthawi imene akufunika mphamvu zopirira mankhwala.

Kulephera kwa metformin pa amayi amenewa sikutanthauza kuti zonse zinali zabodza. Metformin siilowa mosavuta m'maselo ambiri kupatula a chiwindi, impso ndi matumbo, chifukwa imadalira mapuloteni apadera oilowetsa, ndipo mlingo umene ofufuza amathira pa maselo mu labotale nthawi zambiri umaposa kutali umene umafika m'chotupa cha munthu. Komanso kupereka mankhwala amodzi kwa onse, osadziwa kuti AMPK yatsitsidwa m'njira iti m'chotupa chilichonse, n'kuphatikiza anthu amene angathandizidwe ndi amene chotupa chawo chingalimbikitsidwe. Pamene MAGE ikutaya alpha 1, n'zomveka kuyesa kudzutsa AMPK yotsalayo kapena kulekanitsa MAGE ndi TRIM28. Pamene LKB1 yatha, nzeru imatembenuka: chotupacho sichimva njala, ndiye chikhoza kuphedwa pochiwonjezera njalayo. David Shackelford ndi Shaw anasonyeza mu 2013 kuti phenformin, m'bale wake wa metformin wamphamvu kwambiri amene amalowa m'maselo mosavuta, inachepetsa zotupa za m'mapapo zopanda LKB1 mwa mbewa, pamene zokhala ndi LKB1 zinapirira. Vuto lake n'lakuti phenformin inachotsedwa m'zipatala za mayiko ambiri cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 chifukwa inkapha odwala ena podzaza magazi ndi lactic acid.

Pakadali pano, pamene nzeru zimenezi zafika pa bedi la wodwala ndi pa kuyeza. M'zipatala zimene zimawerenga majini a chotupa cha m'mapapo, STK11 imakhala pa mndandanda wa zoyezedwa, makamaka kuyambira mu 2018 pamene ofufuza a ku MD Anderson anasonyeza kuti zotupa zokhala ndi KRAS yowonongeka pamodzi ndi LKB1 yotha sizimvera bwino mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi a mtundu wa PD-1. Maselo a T salowa ambiri m'zotupa zotere, ndipo dokotala akadziwa zimenezi amaziganizira posankha mankhwala ophatikiza.